Penti wakale, mabatire ndi ubongo wa ana athu kuno ku Joni

Bambo a Tadala, Turffontein: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi funso kwa amene amadziwa za chipatala. Sabata ino tikupala nyumba ina yakale ku Kensington, mawindo ake ndi athabwa aja, penti anthu akhala akungopaka pamwamba pa mnzake kuyambira kalekale, ukapala umaona woyera, pansi pake wobiriwira, pansi pakenso wachikasu. Nde mwini nyumba atabwera anatiletsa mashini a sandipepa, akuti pentiyo atha kukhala ndi mtovu ndipo mkazi wake ndi woyembekezera, mpaka wamusamutsa kaye kupita kwa amayi ake. Ife tinangoima poteropo fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kodi zimenezi nzoona kapena ndi mantha chabe a anthu andalama? chifukwa ine ntchitoyi ndinayamba kale sindinadwalepo nayo

Che Yusufu, Mayfair: Amwene ingomwani mkaka mukaweruka basi. Ife kopopera magalimoto bwana amatigulira lita imodzi tsiku lililonse, umatsuka zonse m'chifuwamu

Sis Chikondi nesi: Che Yusufu pepani ndikutsutseni pang'ono, mkaka ndi chakudya chabwino koma sutsuka mtovu umene walowa kale m'magazi. Bambo a Tadala mwini nyumbayo sakunama ayi. Ndipo ine amene ndikumudera nkhawa kwambiri si inuyo koma Tadala. Ali ndi zaka zingati pano? Nanga ovolosi yanu mumavulira kuti mukaweruka?

Bambo a Tadala: Wakwanitsa ziwiri mwezi wathawu. Ovolosi ndimabwera nayo kunyumba, pa ntchito palibe posinthira, ndimaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko mayi ake amachapa Loweruka limodzi ndi zovala zina zonse. Tikukhala rumu imodzi asisi mukudziwa mmene zilili kuno

Sis Chikondi nesi: Ndi pamenepo ndimafuna tifike. Ndilemba zambiri mundipirire. Inu wamkulu mukameza fumbi la mtovu thupi lanu limatenga pang'ono chabe kwina kumatuluka, koma mwana wamng'ono amatenga kuwirikiza kanayi kapena kasanu, awa ndi mawu a WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, osati anga. Komanso mwana wa zaka ziwiri moyo wake wonse uli pansi, amakwawa, amakhala pa simenti, chala mkamwa, supuni yagwa pansi watola mkamwa, nsapato ya bambo ake mkamwa. Mukafika madzulo akuthamangirani kukukumbatirani m'miyendo nkhope yake pa ovolosi ija. Ndiye fumbi limene inu simukuliona nkomwe iye akulidya tsiku ndi tsiku.

Chimene chimapangitsa mtovu kukhala woopsa nchoti thupi limausokoneza ndi kashiamu. Uli ngati munthu wolowa pa geti ndi khadi la mnzake, mlonda amangomutsegulira. Kulikonse kumene kashiamu amapita nawonso umapita, m'mafupa, m'mano, ndi mu ubongo momwe. Ubongo wa mwana kuyambira ali m'mimba mpaka zaka zisanu ndi pamene ukulumikiza timitsempha take mothamanga kwambiri, ndipo kashiamu ndi amene amathandiza timitsemphato kutumizirana uthenga, makamaka pamene mwana akuphunzira chinthu chatsopano ndi kuchisunga. Mtovu ukakhala pa malo amenewo uthenga sudutsa bwino, zolumikiza zina zimamangika molakwika zina osamangika nkomwe. Komanso chotchinga chimene chimateteza ubongo ku zoipa za m'magazi mwa khanda chimakhala chisanakhwime. Chowawa nchoti mwanayo satentha thupi, salira, amadya bwinobwino, mumangodzaona patapita zaka ali ku sukulu

Blessings, Cosmo City: Koma asisi ife tonse tinakula ndi utsi wa magalimoto, penti yemweyu, mabatire a wailesi timaphwanya nkumasewera nawo, nanga bwanji tili bwinobwino tikugwira ntchito tikutumiza ndalama kumudzi? Zinazi azungu amangokokomeza

Aphunzitsi Nyirenda, Yeoville: A Blessings funso lanu ndi lomwe anthu ambiri amafunsa ndipo madokotala eni ake anakhala zaka zambiri akuganiza choncho, kuti mwana ngati sanakomoke ndiye kuti ali bwino. Amene anasintha maganizo amenewa ndi dokotala wina wa ku America dzina lake Herbert Needleman. Mu 1979 anatulutsa kafukufuku amene anatolera mano a mkaka aja ana amagwetsa, a ana a sukulu za kufupi ndi Boston, nkuyeza mtovu m'manomo chifukwa dzino limasunga mbiri. Kenako anapempha aphunzitsi awo, amene sankadziwa zotsatira za mano, kuti afotokoze za mwana aliyense. Ana a mtovu wambiri ndi omwe aphunzitsi ankati satha kukhazikika, amasiya ntchito panjira, ukawauza zinthu zingapo motsatana amagwira choyamba chokha, ndipo pa mayeso a IQ anali otsikirapo. Palibe mmodzi mwa iwo amene ankaoneka wodwala. Atawatsatira patapita zaka 11 anapeza kuti ndi omwewo ambiri anasiyira sukulu panjira komanso amavutika kuwerenga.

Ndiye mukati tili bwinobwino, eya tikuyenda tikugwira ntchito, koma mtovu suchotsa munthu yense, umachepetsa. Mwana amene akanagwira kuwerenga msanga amagwira movutikira, amene anali kale pa malire amatsalira. Pa munthu mmodzi simungaone ndi maso koma pa kalasi yonse zimaoneka

Blessings, Cosmo City: Nde mukutanthauza kuti mwana aliyense wolephera mkalasi ndi mtovu?

Aphunzitsi Nyirenda: Ayi ndithu sindinatero. Njala ilipo, malungo a ubwana alipo, makutu osamva bwino, maso, kalasi ya ana 100 mphunzitsi mmodzi ngati mmene ndinkaphunzitsira ku Kasungu, kuno ana athu akulimbananso ndi Chingerezi ndi Chizulu nthawi imodzi. Zonsezo zilipo. Koma zimene zimandipweteka ine ndi zoti mwana wotere timafulumira kumutchula mbuli, waulesi, wamakani, timamukwapula, ena amati anamulodza akuchikazi, pamene palibe anafunsapo kuti kodi mwanayu anakulira pa malo otani, bambo ake amagwira ntchito yanji

Mayi Mwale a kreshi, Rosettenville: Eeh nkhaniyi yandigwira mtima. Ine ndimasunga ana 14 mu nyumba yakale ya lendi, mawindo ake penti amasupuka ngati makoko ndipo pali kamnyamata kena kamakonda kuima pa windo kudikira mayi ake kwinaku kakutafuna thabwa la pawindopo, mano ake anasiya zizindikiro pa thabwalo. Ndimangokachotsa poganiza za zitsotso za thabwa. Asisi nditani?

Sis Chikondi nesi: Mayi Mwale mwachita bwino kunena. Penti wa mtovu amakomako pang'ono mkamwa nchifukwa chake ana ena amabwererabwerera pamalo amodzi. Mawa lomwe ikani kabati kapena china chilichonse kutchinga windo limenelo kuti ana asafikepo. Musapale chouma, musagwiritse sandipepa, musaotche ndi moto kuti asupuke, zimenezo ndi zimene zimasandutsa penti kukhala fumbi ndi utsi. Tolani zosupukazo ndi nsalu yonyowa muike mu pulasitiki mumange mutaye. Pansi muzikolopa ndi mopu yonyowa osati kusesa ndi tsache ana ali momwemo. Ndipo makolo a mwanayo auzeni zoona kuti akapemphe kuyezetsa magazi

Mayi Mwale a kreshi: Landilodi wanga ndikamuuza za penti adzangoti ngati simukufuna samukani pali ena akudikira. Koma windo nditchinga usiku uno

Bambo a Tadala: Mayi Mwale ine Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi nditha kudzaona, pali njira yonyowetsa kaye nkupala pang'onopang'ono ndi sikirepa kenako kupaka penti watsopano wamadzi pamwamba kuti wakaleyo atsekeke, ana kulibe tsiku limenelo. Ndi mmene mwini nyumba wa ku Kensington uja watiuzira kuti tichite, tayala mapulasitiki pansi ndipo watigulira mamasiki enieni a fyuluta osati ansalu aja a nthawi ya korona

Che Yusufu: Koma penti wa masiku ano alinso ndi mtovu? Ine ndimaona ngati ndi zakale

Aphunzitsi Nyirenda: Kuno ku South Africa lamulo la 2009 linaika malire a mtovu a 600 ppm, kutanthauza magawo 600 pa miliyoni iliyonse, pa penti wa m'nyumba, ndipo malamulo a 2024 atsitsa kufika 90 ppm. Vuto ndi loti lamulo silichotsa penti amene ali kale pa khoma. Nyumba za Rosettenville, Turffontein, Bertrams, Brixton, Mayfair, mafulati a Hillbrow ndi Berea, zambiri zinamangidwa kale kwambiri lamulolo kulibe ndipo ndi momwe ife obwera timakwanitsa lendi. Bungwe la South African Medical Research Council, makamaka Prof Angela Mathee ndi anzake, akhala akufufuza zimenezi zaka zambiri mu Johannesburg momwe muno, anapeza mtovu pa penti wa nyumba, pa zidole, ngakhale pa makatungwe ndi zotsetserekapo za m'mapaki a ana. Penti wa mafuta wowala uja, wofiira, wachikasu, ndi amene amapezeka nawo kawirikawiri. Kwathu ku Malawi nakonso bungwe lina lotchedwa LEEP linayeza penti wa m'mashopu nkupeza mtovu wambiri m'zitini zambiri, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondola opanga penti. Ndiye amene mukumanga kumudzi muzifunsa musanagule

Gift wa mabatire, Jeppestown: Akuluakulu ine ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhule. Ine geni yanga ndi mabatire, chiyambireni load shedding anthu anagula ma inveta ambiri nde mabatire akutha ndi ambirimbiri, ndimatolera ena ndimakonza ena ndimaphwanya kuchotsa mtovu wamkati kukagulitsa kwa a sikilapu pa kilo. Ndimachitira kuseri kwa nyumba pa yadi, ana a pa yadi yathu alipo asanu awiri ndi anga. Kodi nazonso ndi vuto ngakhale sindisungunula?

Sis Chikondi nesi: A Gift zikomo chifukwa cholankhula poyera, ambiri sakanatero. Ndinene mosabisa, pa zonse zimene tatchula pano yanuyo ndiye yoopsa kuposa zina. Mkati mwa batire muli mbale za mtovu ndi phala lija lotuwa, likauma limasanduka fumbi losalala kwambiri, limalowa mu dothi la pa yadi ndipo mtovu suola, umakhala pomwepo zaka ndi zaka. Mukathira asidi pansi nayenso amapita ndi mtovu. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu aliwonse pa dziko lonse, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wa maikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita (gawo limodzi mwa magawo khumi a lita) ya magazi, ndipo kuphwanya mabatire m'makomo anakutchula ngati gwero limodzi lalikulu. Sindikuti musiye geni, tonse tinabwera kudzasaka. Koma gulitsani batire lathunthu osaphwanya, mashopu a mabatire amalandira akale, mupeza zocheperapo koma ana asanu aja muwayezetse onse

Gift wa mabatire: Lathunthu amagula motchipa asisi kusiyana kwake kumakhala kwa ndiwo za sabata. Koma ndamva. Nanga dothi limene laipa kale ndilichite bwanji

Sis Chikondi nesi: Ana asaseweretso pamenepo kuyambira lero, ndipo musadzalepo masamba. Mukatha tsekanipo ndi simenti kapena mapevingi, kusesa sikuthandiza kumangouluza. Nsapato za ntchito zizitsala panja

Madala Tembo, Germiston: Ana anga ine ndine wa ku Chipata koma ndinakulira ku Kabwe atate ankagwira ntchito kumeneko. Mukamamva za mtovu musamatenge mwachibwana. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero mulu wa zotsalira uja timati Black Mountain ulipo, mphepo ikaomba fumbi limagwera ku Kasanda, Chowa, Makululu. Ife tinkasewera mpira pa dothi limenelo, kusamba mu ngalande yochokera ku mgodi. Ana ambiri ankadandaula m'mimba, owonda, magazi ochepa, ena kugwa ngati khunyu, ndipo kusukulu aphunzitsi ankangoti ana a kuno mitu yawo ndi youma. Ndakalamba tsopano ndi pamene ndikumvetsa

Aphunzitsi Nyirenda: Madala zikomo. Nkhani ya Kabwe inafika mpaka ku High Court ya mu Johannesburg muno, mu 2020 maloya anasuma kampani ya migodi ya Anglo American South Africa m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, kampaniyo imakana kuti si iyo inayambitsa vutolo, mu Disembala 2023 khothi linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu ndipo odandaula anachita apilo. Ku Nigeria nako m'boma la Zamfara mu 2010 ana pafupifupi 400 anamwalira chifukwa makolo ankapera miyala ya golide m'makomo osadziwa kuti ili ndi mtovu wambiri. Izo ndi za mlingo wokwera kwambiri, pamenepo ubongo umatupa mwana amakomoka. Koma za ife kuno nthawi zambiri ndi za mlingo wotsika uja wosaoneka

Blessings, Cosmo City: Chabwino nanga mlingo wabwino ndi uti, kuti munthu ukayezetsa udziwe kuti mwana ali boo

Sis Chikondi nesi: Palibe mlingo umene anapeza kuti ndi wosavulaza, WHO imanena choncho momveka. Kale madokotala ankadera nkhawa pa maikulogalamu 60 pa desilita ya magazi, kenako anatsitsa kufika 25, kenako 10, chifukwa kafukufuku aliyense watsopano ankaonetsa kuti pansi pakenso ana akuvulala. Pano WHO imati mwana akafika 5 pafufuzidwe kumene mtovuwo ukuchokera nkuchotsa, ku America a CDC, bungwe la boma loona za matenda, anatsitsa kufika 3.5 mu 2021. Chinanso chodabwitsa chimene anapeza ataphatikiza kafukufuku wa maiko angapo mu 2005 nchoti nzeru zimatsika mofulumira kwambiri pa chiyambi pomwe, kuchoka pa mlingo wochepa kufika pa 10, kuposa kuchoka pa 10 kufika pa 20. Ndiye mawu oti ndi pang'ono chabe pa nkhani iyi sagwira ntchito. Mankhwala okoka mtovu m'magazi alipo koma amaperekedwa pa mlingo wokwera, cha pa 45 kupita mmwamba, amapulumutsa moyo koma sabweza zimene zaonongeka mu ubongo. Ndi chifukwa chake ndikulimbikira za ovolosi ndi yadi

Anaphiri, Diepsloot: Asisi ine ndili ndi miyezi isanu ndipo dothi ndimadya sindinama, lija amagulitsa m'timapulasitiki pa renki, ndikapanda kudya mtima sukhala m'malo. Kwathu amayi anga ankadya la chulu ife tinabadwa bwino. Likukhudzana ndi zimenezi?

Sis Chikondi nesi: Anaphiri si inu nokha, amayi ambiri ku sikelo amandiuza zomwezo. Koma la chulu cha kumudzi ndi la pa renki ku Joni ndi zosiyana, simudziwa analikumba pati, mzinda uno wazunguliridwa ndi milu ya migodi, mafakitale, ndi misewu imene magalimoto anathira utsi wa petulo wa mtovu zaka zambirimbiri mpaka pamene anamuletsa mu 2006. Mtovu umadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana m'mimba, palibe chimautchinga. Komanso umene munasunga m'mafupa kuyambira muli mwana, nthawi ya mimba thupi likamatenga kashiamu m'mafupa kuti limange mwana nawo umatuluka limodzi. Umakwezanso BP ndipo mwana atha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Chilakolako cha dothi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, ndipo thupi losowa ayironi limakoka mtovu kwambiri, ndiye zimangothandizana kuipa. Mukapita ku sikelo anenereni anesi kuti mumadya dothi, musachite manyazi, ayeze magazi, ndipo mapilisi a ayironi ndi kashiamu amene amakupatsani aja muzimwa osawasunga mu chikwama

Anaphiri: Mapilisiwo amandichititsa nseru nchifukwa ndimadumphitsa. Ndikawauza Lachinayi

Mayi a Shakira, Fordsburg: Pepani ndalowa mochedwa ndawerenga zonse. Ine funso langa ndi mapoto aja osungunula timagula ku Ndirande kapena ku Mchesi, olemera aja ophikira nsima ya anthu ambiri, ndinabwera nawo awiri pa basi. Mwamuna wanga akuti amapanga ndi zitsulo za injini zakale

Aphunzitsi Nyirenda: Mwamuna wanu akunena zoona, amasungunula aluminiyamu wa sikilapu, zidutswa za injini, ma rediyeta, chilichonse chapezeka, ndipo mtovu umalowa momwemo. A Medical Research Council anayezapo mapoto otere kuno ndipo anapeza kuti amatulutsa mtovu mu chakudya, makamaka ukaphika zowawasa monga tomato kwa nthawi yaitali. Si poto aliyense koma ndi maso simungasiyanitse. Ine kwathu phala la mwana timaphikira mu poto wa sitilo wa mu shopu, enawo tinasiya kuti azitenthetsera madzi ochapira

Che Yusufu: Apa mwandikumbutsa kwathu ku Mangochi, ankolo anga amasungunula mtovu wa mabatire mu chitini pa mbaula kupanga zolemetsa maukonde ndi mbedza, ana atazungulira kuonerera mmene ukunyezimira, ena amaluma ndi mano kuti ugwire pa chingwe. Ndiwaimbira usiku uno. Koma andimvera? adzati wapita ku Joni wayamba kudziona

Madala Tembo: Imbani basi mwana wanga, muwauze kuti achitire kutali ndi nyumba ana asakhalepo ndipo chitini chimenecho chisayandikire ku khitchini. Akakana mwanena

Blessings, Cosmo City: Ine ndili ndi mwana wa zaka 9 ali giredi 3 wabwereza kamodzi, sakhazikika, kusukulu amandiitana pafupipafupi kuti wamenya anzake. Ali wakhanda tinkakhala kuseri kwa garaji ina ya ma panel beater ku Booysens. Nde mukundiuza kuti basi zinatha palibe chochita?

Sis Chikondi nesi: A Blessings ayi sindikutero, ndipo sitingadziwe pa foni kuti ndi mtovu. Dziwaninso kuti kuyeza magazi lero kumaonetsa za miyezi yapitayi, mtovu m'magazi umatsika ndi theka pa mwezi umodzi nkukabisala m'mafupa, ndiye zotsatira zitha kubwera zotsika ngakhale anaumeza ali khanda. Komabe muyezetseni kuti mudziwe ngati sakuumezabe pano, ndipo ngati ali ndi ang'ono ake ndi amene mungawateteze kwambiri. Apimeninso makutu ndi maso chifukwa mtovu umachepetsanso kumva, mwana wosamva bwino mkalasi amaoneka ngati wamwano

Aphunzitsi Nyirenda: Ndiwonjezere monga mphunzitsi. Za kumenya anzakezo, kafukufuku wa Birth to Twenty amene watsatira ana obadwa mu 1990 ku Soweto ndi Johannesburg anapeza kuti achinyamata a mtovu wokwera m'magazi ankaonetsa kwambiri khalidwe laukali, ndipo ku Cincinnati ku America atajambula ubongo wa akuluakulu amene anakula ndi mtovu anaona kuti mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudzigwira ndi kuganiza asanachite, inali yocheperapo. Sizikutanthauza kuti mwana wanu ndi wotayika. Ubongo wa zaka 9 ukuphunzirabe. Chimene chimathandiza ana otere ndachiona ndi maso anga, kumuuza chinthu chimodzi nthawi imodzi osati zitatu, homuweki ya mphindi 10 apume abwerenso, akhale kutsogolo mkalasi, muziwerenga naye madzulo ngakhale tsamba limodzi, agone nthawi yake. Pitani kusukulu mukapemphe kukumana ndi gulu lothandiza ana ovutika kuphunzira, sukulu za boma zimayenera kukhala nalo amati SBST, muwauzenso za garaji ija alembe. Chikwapu chokha chisiyeni achimwene, chimangomuonjezera ukali

Blessings, Cosmo City: Mayi ake akhala akunena zomwezo za chikwapu. Ndipita nawo limodzi kusukuluko. Wamng'ono ali ndi chaka chimodzi

Mayi Mwale a kreshi: Asisi nanga pa zakudya pali chimene ndingasinthe ku kreshi? ndalama ndi zochepa makolo ambiri amalipira mochedwa

Sis Chikondi nesi: Chachikulu mwana asakhale ndi njala nthawi yaitali, mimba yopanda kanthu imakoka mtovu wambiri. Phala la mmawa lisaphonye, mukatha thirani nsinjiro. Usipa kapena kapenta wodya ndi minga yomwe ali ndi kashiamu, amasi ndi otchipa kuno, nyemba, mazira, chiwindi cha nkhuku, bonongwe, chisoso, sipinachi, ndi kachidutswa ka lalanje kuti ayironi alowe bwino. Zimenezi sizichotsa mtovu koma zimachepetsa umene thupi limatenga. Ndipo kusamba m'manja ndi sopo asanadye ndi asanagone masana, zidole muzitsuka, mwezi wa Ogasiti wa mphepo uja mawindo oyang'ana ku milu ya migodi muzitseka. Za madzi, ngati nyumba ili ndi mapaipi akale tsegulani mpopi ayende kaye mmawa ndipo ophikira muzitunga ozizira, kuwiritsa kumapha majeremusi koma mtovu sikuchotsa

Gift wa mabatire: Kuyezetsako amayeza pa kiliniki iliyonse? Ena a ife mapepala sali bwino ndipo masiku ano pa geti pamaima anthu ofunsa ma ID

Sis Chikondi nesi: Sayeza mwachizolowezi ngati mmene amachitira sikelo, muyenera kupempha ndi kufotokoza chifukwa chake. Nenani momveka kuti ndimaphwanya mabatire pakhomo kapena ndimapala penti wakale, dokotala akamva zimenezo amatenga magazi a pa mkono kutumiza ku labu. Kwa dokotala wa pulaiveti zimatheka koma mulipira. Za mapepala, mu 2023 High Court ya ku Gauteng inagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera kapena mapepala. Ndikudziwa kuti pa geti zimakhala zina, ndiye musapite nokha, tengani khadi la mwana la Road to Health ndipo pitani awiri kapena atatu. Mwana akameza chinthu cha mtovu monga cholemetsa mbedza, kapena akusanza, kugona kwambiri, kugwa ngati khunyu, musadikire kiliniki thamangani ku chipatala chachikulu

Bambo a Tadala: Nanga ife a ntchito bwana sayenera kutiyezetsa?

Aphunzitsi Nyirenda: Kwa olembedwa ntchito malamulo alipo, Lead Regulations a 2001, amati bwana apereke zodzitetezera, malo osinthira ndi osambira, zovala za ntchito zichapidwe ndi kampani osati kunyumba, ndi kuyeza magazi. Koma ambiri a ife ndi a maganyu oima pa geti ya hadiweya kudikira bakkie, palibe angakuchitire zimenezo. Ndiye muziyenda ndi zovala zosinthira mu chikwama, ovolosi mu pulasitiki yomanga, musambe musananyamule mwana, ndipo ichapidwe payokha mu ndowa yakeyake

Admin Mayi Gondwe: Zikomo nonse. Amene mukufuna kupita limodzi ku kiliniki lembani maina kwa ine ku inbox ndi dera limene mukukhala ndi zaka za ana, ndiwagawa malinga ndi kufupi. Pakadali pano ndili ndi a Gift ana asanu, a Blessings awiri, Mayi Mwale akambirana kaye ndi makolo. Sis Chikondi ngati mungatilembere mawu ochepa a Chingerezi oti munthu akaonetse kwa nesi zithandiza amene chilankhulo chimawavuta

Sis Chikondi nesi: Ndilemba ndikaweruka, ndili pa shifiti ya usiku mpaka 7 koloko. A Gift ana a neba anuwo mupemphe kaye chilolezo kwa makolo awo ndipo mmodzi wa makolowo apite nawo, anesi satenga magazi a mwana popanda kholo